Mamilimita 30 a Mazda MX-5

Mazda MX-5 yoyamba, imene inaonetsedwa ku Chicago mu February 1989, inkatuluka mu fakitale ya ku Hiroshima ili ndi mpata woonekeratu pakati pa tayala ndi madigadi. Mpata umenewu suwasangalatsa anthu ambiri oikonda galimotoyi. Iwo amati kagalimoto ka anthu awiri, ka denga lansalu, kolemera makilogalamu osafika 1,000, kayenera kuyenda chokwawa, osati kuimirira njo pamsewu. N'chifukwa chake pali makampani opanga masipuling'i aafupi oti munthu aike m'malo mwa amene galimoto inabwera nawo: Eibach, imene inayamba mu 1951 ku Finnentrop m'dziko la Germany, H&R ya ku Lennestadt m'dziko lomwelo, ndi ena otero. Munthu amaitanitsa, bokosi limafika pakhomo, m'katimo muli masipuling'i anayi a penti yonyezimira ndi kapepala konena kuti galimoto itsika ndi mamilimita pafupifupi 30.

Kuchotsa sipuling'i yakale n'kuikapo yatsopano, aliyense amene ali ndi jeke ndi masipanala angathe. Amene amandigometsa ine ndi munthu wodziwa kuti mamilimita 30 amenewo sankangokhala. Anali pa ntchito. Gulu la mainjiniya a Mazda, lotsogozedwa ndi Toshihiko Hirai, linawaika pamenepo kuti gudumu lipeze kothawira likagunda bampu, kuti mikono yogwira magudumu ikhale mopendekeka bwino, ndiponso kuti mphira wa m'mabushi apume galimoto ikaima. Ukawachotsa, ntchito zonsezi zimatsala pabwalo, ndipo mmisiri weniweni amazitsata imodzi ndi imodzi mpaka kuzipezera pokhala. Ine ndinaziona zimenezi kwa amalume anga, amene akhala ku England zaka zambiri akukonza makina a m'fakitale, pamene ankatsitsa MX-5 yawo yakale pa simenti ya kutsogolo kwa galaja ya panyumba.

Sipuling'i payokha ndi chinthu choyenera ulemu. Ndi waya wachitsulo chosakaniza ndi silicon ndi chromium, wokulungidwa mozungulira. Katundu akaitsamira, wayayo amapotoka m'litali mwake monse, ndipo kukana kupotoka kumeneko ndiko kumasenza galimoto. Robert Hooke wa ku England anasindikiza mu 1678 lamulo limene opanga masipuling'i amayendera mpaka lero, loti sipuling'i imafupika molingana ndi katundu amene yasenza: katundu akachuluka kawiri, nayo imafupika kawiri. Kulimba kwake kumachokera pa kunenepa kwa waya, kukula kwa mkombero, ndi kuchuluka kwa mikombero imene ikugwira ntchito. Kunenepa kwa waya ndiko kuli ndi mphamvu yodabwitsa. Waya wa mamilimita 11 amapereka sipuling'i yolimba ndi 46 peresenti kuposa waya wa mamilimita 10, zina zonse zili chimodzimodzi. Milimita imodzi yokha, imene diso silingaione bwino, imasintha mmene galimoto yonse imayendera.

Wopanga sipuling'i yotsitsa galimoto amakhala pa mpanipani. Njira imene gudumu limayenda chokwera yafupika, koma mabampu a pamsewu ndi omwe aja. Ndiye sipuling'i yaifupi iyeneranso kukhala yolimbirapo, kuti igwire kugunda komweko m'mpata wochepa. Ena amakulunga mikombero ingapo moyandikana kwambiri mbali imodzi. Galimoto ikakhala pansi, mikombero yoyandikanayo imatsekana n'kusiya kugwira ntchito, ndipo yotsalayo, popeza yachepa, imalimba. Gudumu likalendewera, monga pamene galimoto yadumpha kamtunda, mikombero ija imatsegukanso n'kuikankha sipuling'i kuti isaguluke pampando wake. Akamaliza kukulunga amaiotcha pa moto woyeza bwino, amaiwombera ndi timipira tating'ono tachitsulo kuti khungu lake lisachite ming'alu msanga, amaipanikiza mpaka mikombero yonse itagundana kuti isadzafwaphe m'tsogolo, kenako amaipaka zoteteza dzimbiri. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona munthu akudula sipuling'i ndi girayinda kapena kuitenthetsa ndi moto wowotcherera kuti igwe. Wodulayo wachotsa nsonga imene inaumbidwa kuti ikhale pampando. Wotenthetsayo wapha chitsulo, ndipo mbali iliyonse ya galimoto idzatsika mwa iyo yokha.

Amalume anayamba ntchito masiku angapo asanagwire sipanala. Ku Britain amathira mchere m'misewu nthawi yozizira kuti madzi asaundane, ndipo mchere umenewo umadya galimoto kunsi. Bawuti imene yakhala pamalo pake zaka zoposa 30 imagwirana ndi dzimbiri moti ukaikakamiza imaduka. Madzulo aliwonse ankagwada, kukwecha mabawuti ndi bulashi yawaya, n'kuwapopera oyilo wolowerera m'dzimbiri, basi n'kukagona. Tsiku la ntchito litafika, anaimika galimoto pamalo osalala, nayeza mbali zonse zinayi ndi tepi, kuchokera pakatikati pa gudumu kufika m'mphepete mwa madigadi. Sanayeze kuchokera pansi, chifukwa mpweya wa m'tayala umasokoneza muyeso wotero. Manambala anayiwo anawalemba pa katoni ya bokosi lomwe lija, pamodzi ndi kuchuluka kwa petulo amene anali m'thanki. Munthu amene sanayeze poyamba alibe chomuuza ngati galimoto yatsika mofanana kapena ngati inali yopendekeka kale.

Za kunyamula galimoto sindichulutsa. Anamasula pang'ono manati a magudumu matayala adakali pansi, anakweza ndi jeke, naikhazika pa masitandi anayi achitsulo pamalo amene Mazda inalimbitsa kunsi kwa galimotoyo, atayamba aona kuti dzimbiri silinadye pamenepo. Kenako anaigwedeza ndi manja awiri, mwamphamvu. Jeke ndi yokwezera chabe. Munthu salowa pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha.

Gudumu likachoka, umaona chimene chimaipatsa MX-5 mbiri yake. Galimoto zambiri zazing'ono zimagwira gudumu lakutsogolo ndi mkono umodzi wapansi, shock n'kukhala ngati mzati wapamwamba. MX-5 ili ndi mikono iwiri pa gudumu lililonse, wapamwamba ndi wapansi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, monga zimakhalira pa galimoto zampikisano. Shock ndi sipuling'i yake zimaimirira pakati, sipuling'i itavala shock. Pamwamba zimagwidwa ndi manati awiri a sipanala ya 14, amene kutsogolo umawapeza ukatsegula boneti. Pansi zimagwidwa ndi bawuti imodzi ya sipanala ya 17 yolowa mu mkono wapansi. Kumasula zitatuzi n'kosavuta. Vuto ndi lakuti shock yakutsogolo imadutsa m'kati mwa mkono wapamwamba, ndipo ndi yaitali moti singatuluke mkonowo uli pamalo pake.

Pali njira ziwiri. Ena amalekanitsa ball joint, pomenya ndi hamala kapena kufinya ndi chida, ndipo kawirikawiri mphira wake umang'ambika. Amalume anasankha kusolola bawuti yaitali imene imagwira mkono wapamwamba ku thupi la galimoto. Anayamba amasula kachitsulo kolumikiza mkono wapansi ndi ndodo yoletsa galimoto kuyedzamira pokhota, kuti mkonowo utsike momasuka. Kenako anamasula nati ya bawuti yaitaliyo, naikankha pang'onopang'ono kulowera kutsogolo, dzanja lina lili tcheru kulandira mawasha akamagwa. Washa aliyense anamuika pa katoni motsata mmene anatulukira, nkhope yake itayang'ana komwe inkayang'ana ili m'galimoto. Mkono utamasuka, zonse zogwira gudumu zinafuna kugwera kunja, koma iwo anali atazimangirira kale ndi waya kuti kulemerako kusakoke paipi ya mabuleki. Paipi imeneyo ikakokedwa imatha kuvulala m'kati osaoneka kunja. Shock inatuluka bwinobwino, popanda kumenya chilichonse.

Apa ndi pamene ntchito imafuna mtima wodekha kwambiri. Shock ikatuluka, sipuling'i imakhala idakali yopanikizidwa pakati pa mpando wapansi ndi chipewa chapamwamba, ndipo chimene chagwira mphamvu yonseyo ndi nati imodzi ya pansonga. Gudumu lililonse la galimotoyi limasenza makilogalamu pafupifupi 240, ndipo sipuling'i yopangidwira katundu wotero si chinthu choseweretsa. Munthu akamasula nati imeneyo osayamba waigwira sipuling'i, chipewa chimauluka, ndipo anthu athyoka nazo zala ndi mano. Chida chogwirira ndi ndodo ziwiri za mazinga zokhala ndi ngowe. Amalume anapaka girisi m'mazingamo, anakola ngowe pa mikombero, ndodo ina uku ina uko moyang'anana ndendende. Anagoneka shock pansi chopingasa, nsonga ina kuloza kukhoma, ina kumpanda, iwo n'kugwada pambali. Ankamanga ndodo ina kangapo, n'kupita ku inzake kangapo komweko, kubwerera, kupitanso. Makina omangira mabawuti anali nawo pafupi koma sanawakhudze, chifukwa makina amathamanga kuposa diso, ndipo mbali imodzi ikapitirira inzake, sipuling'i imakhota, ngowe n'kutsetsereka. Ankaima kawirikawiri kuona ngati ngowe zikadali m'malo. Sanayankhule nthawi yonseyi. Anapitiriza mpaka sipuling'i inayamba kugwedera pampando wake akaigwedeza ndi zala ziwiri. Kugwedera kumeneko ndicho chizindikiro chokhacho choti mphamvu yachoka pa nati n'kusamukira ku ndodo. Apo m'pamene anagwira nsonga ya shock kuti isazungulire, namasula natiyo. Sipuling'i yakale anaipumitsa momwe anaimangira, mbali ndi mbali, mpaka ndodo zinagwa zokha.

Asanaphwasule anali atachita kanthu kena kakang'ono kamene ambiri amakaphonya. Anajambula mzere wa choko kuchokera pa chipewa kutsika mpaka pa diso lapansi la shock. Mabawuti awiri a chipewa ayenera kulowa m'mabowo awo pamwamba pa nthawi yomwe diso lapansi lalunjika mu mkono. Ukamanga chipewa chitazungulira pang'ono, umazindikira uli kale chogwada pansi pa madigadi, ndipo umayamba kupotokola shock mokakamiza, sipuling'i n'kusuntha pampando. Mzere wa choko umathetsa zonsezo.

Masipuling'i atsopano amafanana ukawaona m'bokosi, koma akutsogolo ndi akumbuyo ndi osiyana kulimba, popeza akutsogolo amasenza pafupi ndi injini. Ochokera ku Germany kawirikawiri amalembedwa VA pa akutsogolo ndi HA pa akumbuyo. Amalume anawerenga zilembozo, nawasiyanitsa awiriawiri, aliyense pafupi ndi gudumu lake. Mpando wapansi wa shock uli ndi kakhwawa kamene kamathera pa kaphewa, ndipo nsonga ya waya iyenera kukagunda pa kaphewa kameneko. Anaonetsetsa kuti pampandopo palibe mchenga, chifukwa mchenga umapala penti ya sipuling'i, dzimbiri n'kulowera pomwepo, ndipo masipuling'i ambiri amathyokera pa mkombero wapansi womwewo. Anaikhazika, anaizunguza mpaka inagunda, naiyang'ana ndi tochi.

Pa ndodo ya shock pamakhala kamphira kotchedwa bump stop, kamene kamalandira galimoto sipuling'i ikafika pothera. Kamphira kameneka ndi komwe kamasiyanitsa MX-5 yotsitsidwa bwino ndi yotsitsidwa mwachisawawa. Shock ya galimotoyi imagwira mkono chapakati, osati kumapeto kumene kuli gudumu, choncho gudumu likayenda mamilimita 30, shock imayenda pafupifupi 20. Mamilimita 20 amenewo amachoka pa mpata umene unali pakati pa shock ndi bump stop, ndipo kumbuyo kwa MX-5 yoyamba mpatawo ndi wochepa kale. Ukasiya kamphira kakale, kakatali ndi kouma, galimoto imayenda itakakhalira. Zikatero sipuling'i yatsopano ija sigwiranso ntchito yake. Chimene chikusenza galimoto pabampu ndi mphira. Kumbuyo kumadumpha, ndipo pakona ya msewu wokumbika matayala akumbuyo amatha kusiya phula mwadzidzidzi. Amalume anagula ma bump stop aafupi, ofewa poyamba n'kumalimba akamapanikizika. Anagulanso ma shock atsopano a Koni, kampani ya ku Netherlands. Ntchito ya shock ndi kuletsa sipuling'i kuti isapitirize kudumphadumpha ikagunda bampu, ndipo sipuling'i yolimba imabweza mwamphamvu kuposa yofewa. Shock yotopa, imene oyilo wake wayenda zaka zambiri, singaigwire. Ine ndimati amene ali ndi ndalama ya masipuling'i okha adikire kaye mpaka ya ma shock ipezeke, chifukwa kuphwasula n'komwe kuja ndipo palibe chifukwa chochitira kawiri.

Kumbuyo kunayenda msanga. Manati apamwamba ali m'buti, ndipo a kumanzere amabisala kuseri kwa kachitsulo kotchinga mapaipi olowetsa petulo m'thanki, kamene kayenera kuchoka kaye. Dzuwa lisanapendeke, ma shock onse anayi anali m'malo ndi masipuling'i ake.

Koma mabawuti a m'mikono ndi a pansi pa ma shock anangowalowetsa ndi kuwamanga ndi zala. Galimoto inali m'mwamba, magudumu kulibe, bawuti iliyonse ili poyera, sipanala ikulowa mosavuta. Ndinafunsa kuti, “Amalume, bwanji osamangiratu pompano malo alipo?” Iwo anayankha akupukuta manja, “Mphwanga, galimotoyi siyendera m'mwamba. Tiimange itaima momwe iziyendera.”

Pamenepa ndi pamene pagona luso lonse la ntchitoyi, ndipo ndi chinthu chosaoneka ndi maso galimoto ikamadutsa. Pamene mkono umalumikizana ndi thupi la galimoto pali bushi: kapaipi kachitsulo m'kati, mphira mozungulira. Mphirayo anamatidwa ku kapaipiko, ndipo kunja anapanikizidwa mu mkono. Ukamanga bawuti, kapaipi kamagwidwa nganganga, sikazunguliranso. Ndiye mkono ukamakwera ndi kutsika, palibe chimene chimatsetsereka m'bushimo. Mphira ndi amene amapotoka, n'kubwerera. Malo amene mkono unali pamene bawuti inkamangidwa ndiwo malo amene mphira amapumira. Ukamanga galimoto ili pa masitandi, mikono italendewera mpaka pothera, mphira amapumira pamenepo. Ukaitsitsa pansi, mikono imakwera, ndipo bushi iliyonse imapotoka n'kukhala yopotoka usana ndi usiku, monga nsalu imene wochapa waifinya koma osaitaya m'manja. Galimoto ikagunda bampu, mphira wopotoka kaleyo amapotokanso kuwonjezera. Mabushi otere amang'ambika msanga. Komanso amakankha galimoto m'mwamba, moti mwini wake amayeza n'kupeza kuti sinatsike monga kapepala kanalonjezera, n'kuyamba kunena opanga masipuling'i.

Palinso china chimene anthu ochepa amachiganizira. Mabawuti amene sanakhudzidwe n'komwe pa ntchitoyi anamangidwa ku Hiroshima galimoto ili pa msinkhu wake wakale. Tsopano msinkhu wasintha, ndiye mphira wa m'mabushi amenewo naye wapotoka ndi mamilimita 30 aja. Mmisiri wosamala amawamasula nawonso kuti apume pa msinkhu watsopano. Amalume anabwezera magudumu, anatsitsa galimoto, naikankha kutsogolo ndi kumbuyo kangapo, chifukwa matayala akangotera pansi kuchokera m'mwamba amakanirira pa simenti n'kuletsa mikono kukhala bwino. Anaitsamira pangodya iliyonse kuti idumphe. Kenako anaikweza pa matabwa okhuthala, tayala lililonse pa mulu wake wofanana ndi unzake, ataika zopinga kuti isagubuduke, kuti kulemera konse kukhale pa magudumu koma munthu n'kupeza polowetsa mkono. Anagona chagada pa katoni, tochi pambali, nayamba kuzungulira: kumasula, kudikira pang'ono, kumanga. Mabawuti ena a mikono yapansi ali ndi washa wa bowo losakhala pakati, ndipo ndi amene amasunga alayimenti. Amenewo anayamba awaika kadontho ka penti kuti abwerere pomwe anali. Bawuti ina atangoimasula ndinamva kaphokoso kakang'ono ka mphira wobwerera m'malo mwake.

Pomanga ankagwiritsa ntchito sipanala yoyeza mphamvu, torque wrench, buku la galimotoyo lili chotsegula pambali. Sipanala imeneyi umaitchera pa nambala imene buku lanena, n'kukoka mosalala mpaka itati “tiki”. Ikatero umasiya. Sankabwereza kukoka kachiwiri, chifukwa kubwerezako kumapitiriza muyeso. Bawuti iliyonse yomalizidwa ankaidontheza penti, kuti asadalire kukumbukira. Manati anayi a gudumu lililonse anawamanga modumphadumpha, ina ndi yoyang'anana nayo, pa mphamvu ya pafupifupi 100 Nm. Ntchito yogona pansiyi inatenga nthawi yaitali kuposa kusintha masipuling'i kwenikweniko, ndipo palibe munthu wa mumsewu amene adzaione.

Sanathamangire ku alayimenti tsiku lomwelo. Masipuling'i atsopano ndi mphira wa m'mipando yake zimakhazikika pang'ono masiku oyamba, ndipo alayimenti yochitidwa galimoto isanakhazikike imasuntha. Anayenda nayo mofatsa pafupi ndi kunyumba, akumvetsera ngati pali chogogoda, kenako anayezanso mbali zinayi zija n'kulemba pansi pa manambala akale. Kumanja ndi kumanzere kunali kofanana. Apo m'pamene anapita nayo ku galaja ya makina oyezera. Galimoto ya mikono iwiri ikatsika, matayala amapendekera m'kati chakumwamba, chimene amakaniko amati camber, ndipo pang'ono pokha n'kothandiza pokhota. Koma kutsikako kumasinthanso kumene matayala alunjika, kuloza m'kati kapena kunja, ndipo zimenezi ndi zimene zimadya tayala mofulumira kwambiri, chifukwa limayenda chokhula phula. Ubwino wa MX-5 ndi wakuti Mazda inaika zosinthira pa magudumu onse anayi, mabawuti a washa wosakhala pakati aja. Amalume anapempha kuti akhale pampando wa dalaivala pamene makaniko ankayeza. Pa galimoto yosafika makilogalamu 1,000, munthu mmodzi amaipendeketsa mokwanira kusintha manambala, ndipo galimotoyi sidzayenda yopanda munthu pampando umenewo. Madzulo anaimika galimoto moyang'ana khoma, anadzutsa nyali zake zija zobisala mu boneti, naona ngati kuwala kukugwera poyenera. Anaimbiranso a inshuwalansi, chifukwa ku Britain kusintha kotere ukakubisa akhoza kukana kulipira pa ngozi. Ku Germany, kwawo kwa masipuling'iwa, malamulo ndi okhwima kuposa apo: zida zotere zimabwera ndi mapepala ozivomereza, ndipo nthawi zambiri galimoto iyenera kukaonedwa ndi oyendera monga a TÜV.

Wina angafunse kuti ngati 30 ili bwino, bwanji osatsitsa 60. Yankho lili m'mikono ija. Pa msinkhu woyenera, mkono wapansi umakhala pafupifupi chogona mowongoka. Ukatsitsa kwambiri, umayamba kukwera kuchokera ku thupi la galimoto kupita ku gudumu, ndipo zikatero thupi limayedzamira mosavuta pokhota ngakhale galimoto ili pafupi ndi nthaka. Umafunika masipuling'i ouma kwambiri kuti ubise vuto limene wadzipangira wekha. Ndodo za chiwongolero nazo zimapendekeka, moti gudumu likagunda bampu limadzikhotera lokha pang'ono dalaivala asanalamule. Mpata wa shock umatheratu. Galimoto yotero imakongola ikaima, koma imayenda moipa kuposa mmene inatulukira mu fakitale. Makampani odziwa ntchito amaima pa mamilimita 25 mpaka 35 pa masipuling'i a mumsewu chifukwa pamenepo ndi pamene zopindula zimaposa zotayika.

Zotayikazo zilipo ndithu, ndipo walira mvula walira matope. Galimoto ya amalume tsopano imamva timing'alu ta msewu timene kale inkatimeza. Pa mahampu amachepetsa liwiro kwambiri, ena n'kuwakwera chopingasa. Koma pa misewu yopapatiza yokhotakhota ya kumidzi ya ku England, imene galimotoyi imaikonda, kusintha kwake kumamveka m'manja. Ukakhotetsa chiwongolero, mphuno imatembenuka nthawi yomweyo, popanda kuyamba yayedzamira kaye. Ukaponda buleki siweramira kutsogolo monga kale. Ikagunda bampu ili pakati pa kona, imatsika kamodzi, kubwerera kamodzi, n'kupitiriza mzere wake, ndipo palibe chogogoda kunsi. Ndi MX-5 yomwe ija imene anthu agula zoposa 1 miliyoni kuchokera mu 1989, khalidwe lake silinasinthe, yangomangika bwino. Kwa ine umenewu ndiwo muyeso wa ntchito yabwino pa galimoto ya mtundu uwu: mainjiniya amene anaipanga atati aiyendetse, aizindikire.

Kwathu kuno, ndi mahampu a pa malo ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa M1 ndi maenje a nyengo ya mvula, ndi ochepa amene angafune kutsitsa galimoto, ndipo sindingamulimbikitse munthu kutero. Koma galimoto zochokera ku Japan zimene tadzaza nazo m'misewu zili ndi mabushi a mphira omwewo, ndipo timasintha ma shock, masipuling'i ndi mikono kawirikawiri. Ulendo wina mukapita nayo ku galaja, khalani pomwepo mpaka kumapeto, ndipo mupemphe amakaniko kuti mabawuti a m'mabushi awamange galimoto itatsika pa jeke, itaima pa matayala ake.